Kusala ndi mwana kubere

Lamlungu, 9 Juni

Lero awerenga maina kutchalitchi. Abambo ake a Kathumba alimo. Anthu asanu ndi atatu, akukalalikira komwe kuja anapita anzawo chaka chatha, kumene anawagenda mpaka mkulu wa mpingo anabwerako diso limodzi. Anyamuka pa 17.

Abusa akuti akazi otsalafe ndife mpanda wa amuna athu. Tisale kudya masiku asanu ndi awiri, kumasula ndi kapu imodzi ya tiyi madzulo basi. Akuti wina akadya waboola mpanda, choipa chidzalowera pa mwamuna wake. Tonse tinakweza manja. Ine ndinakweza lamanzere, lamanja linali litagwira Kathumba akuyamwa. Ali ndi miyezi inayi. Palibe anandiyang'ana.

Lolemba, 10 Juni

Tsiku loyamba. Kachizungulire chabe. Wayamwa bwino.

Lachitatu, 12 Juni

Mabere afota. Akayamwa pang'ono akusiya, kundiyang'ana, kenako kulira. Matewera ndachapa awiri okha, masiku onse amakhala asanu ndi limodzi.

Titatha mapemphero ndinawatsata amayi abusa mpaka pakhomo. Ndinati amayi, nanga oyamwitsafe? Iwo amvekere, “Mwana wanga, amene anatulutsa madzi m'thanthwe angalephere kabere kakoko?” Azimayi onse kuseka, aleluya, aleluya. Nanenso ndinaseka. Ndikanatani.

Lachinayi, 13 Juni

Abambo ake abwera msanga kosoka. Nawonso akusala, milomo yachita kung'aluka. Anaimirira pabalaza kuyeserera ulaliki, kulalikira mipando. Kenako anakhala pansi. Akuti ndikapanda kubwerako makina osokerawo musagulitse, mudzaphunzire. Ndinati musalankhule choncho. Akuti, “Amake mwana, mukundigwirira zolimba eti?” Ndinati eya.

Za matewera sindinanene.

Lachisanu, 14 Juni

Kusikelo. Watsika. Anamwino anamugwira paliwombo, palowa. Anandifunsa kuti ndadya chiyani lero. Ndinati palibe. Dzulo? Tiyi basi. Nditawauza za kusala anaponya cholembera patebulo. “Mayi inu, mukufuna mwanayu tikupatseni m'bokosi? Mulungu wake uti ameneyo?” Anthu pamzere onse maso pa ine. Ananditungira madzi m'kapu. Ndinati ndikamwera kunyumba.

Sindinamwe. Kwatsala masiku awiri okha. Ambuye, awiri okha, mundisungire onse, bambo ndi mwana. Sindinaphunzire, sindidziwa kupemphera ngati amayi abusa, koma mukundimva.

Loweruka, 15 Juni

Wasiya kulira. Bola kulira kuja. Angogona, kamwa kouma, ndikamuika bere akungoligwira ndi milomo osakoka.

Ndadya. Masana, abambo ake ali kutchalitchi kolongedza mabuku. Buledi theka, dzira, madzi makapu anayi. Ndinadya choimirira kuseri kwa chitseko ngati wakuba, nyenyeswa ndinasesa kukataya kudzala. Sindinapemphere, ndikanati chiyani.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi. Ndaboola.

Lamlungu, 16 Juni

Ndadyanso. Kutchalitchi anatiimika kutsogolo, kutiombera m'manja.

Lolemba, 17 Juni

Tinawaperekeza mamawa. Galimoto yaing'ono, zikwama pamwamba, zokuzira mawu zomangirira ndi chingwe. Abambo ake anandigwira manja onse awiri anthu akuona. Anauza abusa kuti wangayu ndi mwana kubere koma sanalawe kanthu, ine ndikupita wopanda mantha. Abusa anati mkazi ndi ameneyu.

Ndinatsegula pakamwa. Adalaivala anaimba hutala, iwo anakwera. Anakhala pawindo, akumwetulira, ataonda.

Pobwerera bulauzi inanyowa pachifuwa. Mkaka. Kathumba wakoka mpaka thukuta pamphuno, ndikumva akumeza. Wagona bere lili m'kamwa.

Abambo ake anati akafika aimba. Foni ndaiika pampando, ndaitembenuza chafufumimba. Yalira kawiri tsopano. Ndasuzumira, nambala si yawo, sindinayankhe.