Kachitseko Kamene Sindinaboole

6 Febuluwale 1984

Telegalamu. Boti la bwana Pearson silinafike ku Madagascar. Masabata atatu, zii. Kefasi wanga ali momwemo.

Ndawauza amake kuti mwana wawo wapeza mkazi wa nsomba, lobola tikapereka matemba. Sanaseke. Angotenga ulusi wawo wolukira n'kukakhala kuseri.

9 Febuluwale

Dzino likupweteka. Shuga kulibe m'mashopu a pa Makoni.

Mnzanga Saulos wabwera, akuti "Mudhara," ndiye mdala m'Chishona, "munthu wa kukomboni kuno ku St Mary's amakafuna chiyani panyanja?" Ndamujambulira botilo pansi ndi kamtengo. Mabwato awiri, nyumba pakati, thanga pamwamba. Makama anayi, chitofu, ngakhale chimbudzi, chimene iye kwawo alibe. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikulikhoma ndi manja angawa kuseri kwa nyumba ya bwana ku Hatfield, nkhuku zikuikira m'kati. Linapita kunyanja ku Durban pa malole awiri, Kefasi atakhala pamwamba ngati mkwati.

Silipendama. Tiyi satayika m'kapu, anatero bwana. Mphepo ikakhala kumbuyo limathamanga kuposa basi ya ku Zengeza. Ndamuuza Saulos kuti chinthu cha miyendo iwiri sichigwa, kupatula iyeyo Loweruka.

23 Febuluwale

Alipeza. Chadodolido, likuyandamabe. Bwana ndi dona anali pamwamba pake, amoyo. Awiri okha.

Kodi bwanji sanandiuze kuti likatembenuka silidzukanso?

Ayi, ndisaname m'buku langa lomwe. Anandiuza. Papulani panali kachitseko, pansi pa bwato lililonse, kothawira likagubuduka. Bwana anandipatsa sowo kuti ndiboole. Ine n'kuyamba zanga zija: "Bwana, kwathu woboola bwato pansi timamumanga ndi chingwe. Tiboolenso ambulera?" Anaseka mpaka kukhala pa thini ya penti. Dona naye misozi. Sowo ndinakaibweza ndekha mu shedi.

1 Malichi

A sosaite ya maliro abwera. Nematambudziko, nematambudziko, kupepesa kwa Chishona. Akufunsa kuti m'bokosi tiika chiyani. Ena akuti thunthu la nthochi, aneba achishona akuti mutu wa mbuzi. Pakamwa panga panayabwa, ndinafuna kunena kuti Kefasi mutu wa mbuzi anali nawo kale. Ndameza.

9 Malichi

Kalata ya bwana. Masamba atatu, Chizungu. Ndawerengera m'chimbudzi, chala pa mzere uliwonse.

Kefasi anali atangotsika kukapuma pamene chimphepo chinawatembenuza. M'bwatomo munatsala mpweya. Ankagogoda, iwo n'kumayankha ndi chigubu. Analibe nkhwangwa, analibe kanthu. Matabwa a pulayiwudi ndinamata katatu ine, kuti madzi asalowe.

Masiku awiri akugogoda.

Bwana akuti si mlandu wa munthu. Za sowo sanatchule. Bola akanatchula.

11 Malichi

Pochokera kutchalitchi amake Kefasi andiimitsa pa geti. Kalata anaiona. Kuwerenga sadziwa. "Abambo ake Kefasi, mwana wanga anavutika?"

Ndati ayi. Anali mtulo, madzi anamutenga osadzuka n'komwe.

Zaka makumi anayi ndakhala ndikuwanamiza mayi amenewa. Kuti ndinalimbana ndi mkango ku Hwange, kuti ndinavina ndi dona. Sanakhulupirirepo ngakhale bodza limodzi, amangoti "Iii, inu!" Lero andiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti "Mulungu ngwabwino."

Kenaka apempha kalatayo. Akuti mawa apita nayo kwa Hazel, mphunzitsi woyandikana nafe, akawawerengere bwinobwino mawu onse, kuti mtima ukhale pansi.

Kalatayo ili m'thumba la jekete langa. Machesi ali pawindo. Koma muli dzina la mwana wanga kasanu ndi kawiri, ndawerenga.