Thobwa mu kiyibodi

Loweruka. Tsiku loipa, ndipo woliipitsa ndine.

Amayi anandibweretsera thobwa ndikulembera kasitomala kalata yofunsira ntchito pa kompyuta. Chigongono changa chinagunda kapu, thobwa lonse khuthu mu kiyibodi yanga ija ya mabatani olira, yomwe ndimadyera. Ndinawakalipira: "Inunso Amayi, mumaika bwanji pamenepa?"

Ndinazula mabatani onse n'kuwatsuka m'beseni, m'kati ndinakwecha ndi mswachi ndi sipiliti. Ndikusowa poyanika, Amayi anabwera ndi lichero lawo. "Yanika apa, mwanawe, angasowe."

Kiyibodi yachira, kungoti batani limodzi likukakamirabe. Madzulo ano Amayi thobwa lina andisiyira pansi, pakhomo la chipinda, osalowa. Sindinalimwe. Ndikungoliyang'ana.