Akuti ndapeza rubi

Lachinayi, madzulo. Mtima suli m'malo.

Kamakina kanga kotchipa kosalazira miyala kakungolira pakhonde usana ndi usiku, chifukwa ukakazimitsa matope ake amauma n'kumata miyala. Lamba wake ndi chubu cha njinga, koma anthu onse kuno ku Sanjala akuti ndapeza rubi, mwala wa mtengo wapatali uja.

Lero Che Saide, oyandikana nafe, anasuzumira pampanda. "Vizinyu, mnansi wanga, mukulemera mwakachetechete eti?"

Ndinatsegula kam'golo kake n'kuwaonetsa timiyala toyera tomwe ndinatola m'munda mwa amayi ku Lione. Anangoseka. "Yeniyeniyo mwabisa kuti?"

Mayi a kunyumba atseka geti dzuwa likadalipo, akuopa akuba. Ndiye mawa ndikagule loko wina, wolondera miyala ya m'munda! Kapena ndingozimitsa kamakinaka? Koma yangotsala pang'ono kunyezimira...