Fumbi pa Maliro a ku Tembwe

Loweruka, Seputembala 1957. Lero landiipira, mtima ukadali kuwira.

Mzungu amene ndimamuyendetsa ali ndi misala ya mpikisano wa magalimoto wa kwawo. M'mawa wandimangitsa kamera ya kanema pa boneti ndi malamba a chubu, ati abale ake akaone msewu wa ku Tembwe monga amauonera munthu wa pampikisano. Ataitchera, analumphira mkati. "Ponda moto, Yotamu! Usaime, filimu ndi yaifupi!"

Ndinaponda. Titangokhota pa mlambe, ndinaona nthambi zoyala mumsewu, chizindikiro cha maliro, pamudzi pa apongozi anga penipeni. Pamalo potere ngakhale wa njinga amatsika n'kuvula chipewa. Ndinachotsa phazi, koma iye anandimenya paphewa. "Pita!" Ine chitsiru ndinapitadi.

Fumbi lonse linakwirira azimayi olira. Apongozi anaimirira, chipewa chili m'manja, maso ali pa ine, osati pa mzungu.

Pofika kunyumba ndapeza uthenga wanditsogolera. Mkazi wanga wangoti, "Maliro amene mwawathira fumbi aja ndi a amalume anga." Madzi osamba ndatunga ndekha.

Manje mzungu ali pakhonde pake, akuimba likhweru, ati kwawo adzaomba m'manja. Aombe! Kamera inapenya kutsogolo, nkhope yanga mufilimumo mulibe. Koma ku Tembwe aiona onse, ndipo mawa ndiyenera kupita nayo komweko.