Si Zilonda za M'mimba

Lachitatu, 12 Juni

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu. Ine ndilipo. Kuonda ndaonda, masiketi anga onse ndawabweza m'chiuno kawiri, koma makina osokera ndikupalasabe ndipo makasitomala sanandithawe.

Zimene munanena pafoni zija ndinazimva. Munati nkhani ya matenda angawa ithere m'nyumba mwanga, ana anu asaimve, makamaka chisamba chanu poti ukwati wake wayandikira, akuchimuna angatiyese mtundu wamatenda. Munadula foni ndisanayankhe, ndiye ndati ndilembe, poti kalata simungaidule pakamwa.

Ndakana, achimwene. Ndakanitsitsa.

Ndinu amene munawerenga mbiri ya bambo athu pamaliro, n'kunena kuti atisiya atavutika ndi zilonda za m'mimba. Anali ndi zaka 48 zokha. Za azakhali, mlongo wawo, munati "atadwala kwa nthawi yochepa." Yochepa iti? Ndinawasambitsa ndine chaka chathunthu, ndikuchapa nsalu zamagazi, inu mukungotulukira Lamlungu ndi botolo la juwisi. Paja amati ukabisa matenda maliro adzaulula, koma kwathu kuno tinaphunzitsa ngakhale maliro kunama.

Tsiku limene adokotala anandiuza kuti ndili ndi khansa ya m'matumbo, anatenga pepala n'kujambula banja lathu lonse, amuna timabokosi, akazi tozungulira. Aliyense amene anadwala kapena kumwalira ndi vuto la m'mimba ankamudetsa ndi cholembera. Nditaona madontho akudawo atandanda kuchokera kwa agogo aamuna mpaka pa ine, ndinalira. Sanali mantha ayi, unali ukali.

Zotsatira za magazi zitabwera, anandifotokozera ngati akulankhula ndi telala, monga ndilili. Akuti thupi limasoka maselo atsopano tsiku ndi tsiku, ndipo muli kena kake koyendera msoko, kosasula pamene palakwika. Ena m'banja mwathu tinabadwa ndi kameneka kali kolumala. Kholo likakhala ndi chilemachi, mwana aliyense akhoza kutenga kapena kusatenga, mwayi wake ndi theka ndi theka. Palibe anatilodza ndipo palibe anachimwa.

Koma imvani izi museke. Chotupa changa akuti n'chosokedwa mwachisawawa, zolakwika mbwee, moti asilikali a m'thupi sangavutike kuchizindikira, kungoti chimawaphimba m'maso. Diripi imene ndimalandira pakatha milungu itatu iliyonse ntchito yake ndi kuwatsegula maso. Mwezi watha atandijambula anapeza kuti chaphwa. Sindikunena kuti ndachira, ndipo masiku ena ndimalephera ngakhale kulowetsa ulusi pasingano. Koma chilema chimene chinandigwetsa ndi chomwechonso chapatsa mankhwalawa pogwira. Ndipo wodziwika nacho msanga amamuunika m'matumbo kawirikawiri, n'kumachotsa timinofu toipa tisanasanduke khansa. Bambo akanadziwa zimenezi, mwina bwenzi akubwera ku ukwati wa mdzukulu wawo.

Chimene mukuopa kwenikweni ndikuchidziwa, ndinu mlongo wanga. Si akuchimuna ayi. Ndi kapaipi ka kamera kounikira m'matumbo, kolowera kumbuyo. Bambo wamkulu, wa tayi pakhosi, kuvula buluku n'kugona cham'mbali pamaso pa anamwino! Asa! Ine ndagonapo kanayi konse pabedi limenelo, ndipo ulemu wanga ndinabwerera nawo kunyumba wonse.

Tsono ndiulule. Mwana wanu anabwera mu Epulo kudzayesa diresi laukwati. Ndili chogwada, mapini ali mkamwa, tepi ili m'chiuno mwake, anandifunsa kuti, "Azakhali, kodi mukudwala chiyani kwenikweni? Adadi akuti ndi zilonda za m'mimba."

Mawu omwe aja, achimwene! Ndinalavulira mapini m'dzanja, ndinamukhazika pansi, ndipo ndinamuuza zonse mosapita m'mbali. Ndinayembekeza kuti alira. Iye anangoyang'ana diresi lija pang'ono n'kundifunsa kuti, "Amayeza kuti?"

Ndikudziwa kuti ndakudumphani, ndipo mwana ndi wanu. Pa ichi chokha mtima wanga umandiluma. Koma ndi munthu wamkulu, wa zaka 27, amaphunzitsa ana a anthu, ndipo matumbowo ndi ake. Mukafuna kundisumira kwa amalume, kandisumireni, andipeza pamakina pompano. Kupepesa sindipepesa.

Moni kwa alamu, muwauze kuti makatani awo ndatsiriza. Moni kwa anyamata anu awiri, ndipo nawonso akakula ndidzawauza, ngati inu simudzatero.

Kwa chisamba chanu musavutike kupereka moni. Sali ku msonkhano wa aphunzitsi monga anakuuzirani. Ali muno mushopu masana ano, pampando wa makasitomala, akumwa mankhwala otsuka m'mimba nkhope ili chitsinyire, poti mawa m'mawa akamuunika. Magazi ake anapezeka ndi chilema chija. Bwenzi lake, mnyamata amene mumaopa kuti athawa uja, ndi amene akumusungunulira mankhwalawo m'jagi.

Mwanayu sindinabereke ndine, achimwene. Mukudziwa kumene wachitenga chilemachi. Adokotala akuti amaona anthu atsopano Lolemba lililonse, ndipo dzina lanu ndalembetsa kale. Mundikwiyire zaka makumi atatu ngati mukufuna, ndipirira, bola mukhale ndi moyo woti muzindikwiyira nawo.

Ndine mlongo wanu wamakani uja,
Telala