Galimoto ya malemu bambo ikuvuta magiya, achimwene akuti ikhale ngolo

Aphungu,

Ndine mphunzitsi kuno kwa Makhuwira. Bambo atamwalira anatisiyira galimoto yakalekale ya otomatiki imene anabwera nayo kuchokera ku Mozambiki. Anthu amaiseka, koma ndi imene ndimatengera mayi kuchipatala ku Blantyre, poti miyendo yawo siilola zopanikizana m'minibasi.

Masiku ano yayamba nthabwala. M'mawa imayenda bwinobwino, koma dzuwa lathu lino likangokwera, injini imangolira liwiro osaoneka. Kenako giya imalowa modzidzimutsa ngati wina watigunda kumbuyo.

Achimwene anga, a Fernando, atopa nayo. Anandiuza kuti, "Iwe, chitsulo ichi chatha. Tiwapatse okhoma ngolo ku Nchalo achotse matayala, ng'ombe zizikoka." Mayi atamva anangolowa m'nyumba, ine mtima unandiwawa kwambiri.

Kusamala ndimaisamala. Ngakhale potsika mapiri kubwera pa Thabwa ndimazimitsa injini n'kuika giya pa fili, paja pa N, ngati anzanga a matakisi, kuti ipumeko, petulo nayenso atsaleko. Kodi yathadi?

W.A., Makhuwira

A W.A.,

Pepani ndi nkhawayi, koma ndikuuzeni mosapsatira: chimene mukuti kusamala ndi chimene chikupha galimotoyo. Anzanu a matakisiwo ambiri magiya awo ndi apamanja. Yanuyi ili ndi pampu imene imayendetsa oyilo m'giyabokosi, ndipo pampuyo imazungulira pokhapokha injini ikulira. Mukazimitsa, matayala amazunguzabe zitsulo zam'kati popanda oyilo wokwanira, phiri lonse lija mpaka pansi.

Musathamangire kumasula chilichonse. Iyendetseni itenthe, muimike pamalo osapendekeka, giya pa P, injini ikulira. Sololani kachitsulo koyezera oyilo wa giyabokosi, mupukute pansalu yoyera. Akakhala wofiira koma wochepa, onjezerani wa mtundu umene galimotoyo imafuna, osati wa injini, ngakhale wogulitsa alumbire kuti ndi chimodzimodzi. Akakhala wakuda ndi fungo lopserera, pitani kwa makaniki wodziwa otomatiki asinthe oyilo ndi sefa, ndipo muone nokha zimene zatsalira m'chibeseni chapansi pa giyabokosi. Fumbi lotuwa pang'ono si nkhani, koma tizidutswa ta zitsulo ndiye kuti giyabokosi ikufuna kutsegulidwa. Mukaona oyilo woyererako ngati wathiridwa mkaka, mwalowa madzi, mwina m'makhwawa mumawolokamo nthawi ya dzinja.

Makanikiyo ayang'anenso kapaipi ka mphira kochokera ku injini kupita ku giyabokosi. Galimoto zambiri zakale zili nako, ndipo kutentha kwa kuchigwako kumakang'amba, magiya n'kuyamba kuchedwa. Radiyeta nayo itsukidwe, chifukwa imaziziritsanso oyiloyo.

A Fernando musakangane nawo. Apempheni adikire makaniki aone kaye, ndipo muwauze za fili ija, chifukwa iwo akuweruza galimoto pamlandu umene si wake.

Chomaliza ndi chachikulu kuposa magiya. Potsika ikani pa 2 kapena pa L, injini izilira. Ikazima, mabuleki amalimba ngati mwala, chiwongolero nachonso chingalemere pakona pamene mukuchifuna. Giyabokosi ikafa mudzapeza ina, kapena mudzabwereka galimoto kwa anzanu. Koma pampando wakumbuyopo mumanyamula mayi anu.

Aphungu