Dishi Sindinagulitse, Achimwene

Mwase Lundazi,
6 Okutobala.

Okondedwa achimwene Ezron,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji kumeneko ku Kitwe, inu ndi alamu anga a Miriam pamodzi ndi ana? Nanga msana uja unaleka, kapena mukungolimbikira kuntchito monga mwa khalidwe lanu? Kuno tili bwino, Mulungu akutisunga. Kwatentha koopsa, moti ndikulemba kalatayi nditakhala pansi pa mtengo wa mango.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ndili nayo. Chifukwa chake n'chakuti pa foni mumalankhula nokha, ine ntchito yanga n'kungoti eya, eya, mpaka mayunitsi atha. Papepala simungandidule mawu. Tsono khalani pansi, muwerenge mpaka kumapeto musanakwiye.

Mukukumbukira mmene zinalili mu Epulo. Kampani ya dishi inakwezanso mtengo, ndipo mpira wa ku Mangalande anausamutsira ku pakeji yapamwamba, ija amati HD, ya zithunzi zowala. Ife a pakeji yotsika anatisiyira nyimbo ndi azungu ophika zakudya zimene sitidzazilawa n'komwe. Inu munandiimbira n'kunena kuti mwakhala mukundilipirira dishi zaka zitatu, chimwalirireni alamu anu a Manasseh, ndipo mtengo watsopanowu simungauthe. Pamenepo sindinakwiye. Muli ndi ana anayi pasukulu, ndipo ndalama simutola pansi.

Amene anandilasa ndi mawu otsatirawo. Munati ndigulitse dishi, dikoda ndi kanema, nditseke chisakasa choonetseramo mpira, ndibwere ndidzakhale nanu ku Kitwe. Munati mkazi wamasiye wopanda mwana sangakhale yekha kumudzi n'kumadalira mpira wa eni ake. Ine ndinati eya. Nditadula foni ndinakalowa m'chisakasamo, n'kukhala pa benchi imene a Manasseh anakhoma ndi manja awo, ndipo ndinalira ngati maliro achitika dzulo.

Mundimvetse achimwene. Kuno ndine amayi a dishi, munthu aliyense wodutsa amandipatsa moni. Kwanuko ndikanakhala ndani? Mlamu wodya zaulere, wokhala pakona kudikira kuti a Miriam anene choti ndichite. A Miriam ndi munthu wabwino, koma akazi awiri akuluakulu pakhitchini imodzi, mukudziwa nokha mmene zimathera. Ndinkaopa kwambiri.

Steward, uja wa bala wa pamsika, sanachedwe. Iye anali atakwera kale pa HD, poti kwake anthu amalowa ndi ndalama n'kugulanso mowa. Anthu anga onse a ndalama anathawira kumeneko. Loweruka ndinkasesa, kuyala mabenchi, obwera n'kukhala nkhuku zokha. Kenako anatulukira Steward mwini wake, manja ali m'thumba, akuti wamva kuti ndikusamuka ndiye wabwera kudzandithandiza pondigula katundu. Mtengo umene anatchula, achimwene, sungagule ngakhale mbuzi yodwala. Akulankhula choncho maso ali pa kanema wanga, kumuyeza ngati ndi wake kale. Ndinamuuza kuti ndiganize kaye.

Tsono chaka chino mtedza unandikomera m'munda uja wa kuseri kwa sukulu. Matumba anadzaza chipinda, koma wonse wosaswa. Ogula oyendayenda aja wosaswa amautenga ngati akutola, woswa ndiye uli ndi mtengo. Ndinayamba kuswa ndekha, zala zinatupa, ndipo ndinaona kuti mvula idzandipeza ndisanafike pakati. Aganyu ankafuna ndalama, ine ndinalibe.

Loweruka lina masana, kumapeto kwa Meyi, ndinali pakhonde kuswa mtedza ndi mnzanga Yunike, uja timaimba naye kwaya. Ku bala kwa Steward kunali phokoso la mpira. Tsidya lino la msewu, pansi pa mtengo, panaima amuna oposa khumi. Ena analibe ndalama yolowera. Ena, monga a Whiteson, ndi akulu a mpingo, sangaponde m'bala anthu akuona. Ndiye ankangoima pamenepo manja ali kumbuyo, aliyense wotuluka kukataya madzi n'kumamufunsa kuti zigoli zili bwanji.

Yunike anawayang'ana n'kutsonya. Akuti taonani manja onsewo akungokhala, pamene ife zala zikutuluka magazi. Iye ankangodandaula, koma ine nzeru inandibwerera. Ndinasiya kuswa, n'kuyang'ana manja a amuna aja, n'kuyang'ana matumba anga.

Apa ndiye pali mlandu wanga. Mu Julaye munanditumizira ndalama ya basi yobwerera ku Kitwe. Ndinakweradi minibasi kupita ku Boma, koma kogula matikiti sindinafikeko. Ndinali nditagulitsa mbuzi yanga yaikazi ija, ndiye ndinaphatikiza ndi ndalama yanuyo n'kukalowa kwa wogulitsa zinthu za dishi. Ndinatuluka ndi dikoda yatsopano ya HD, mwezi woyamba wa pakeji yapamwamba nditalipira. Inu ndinakuuzani kuti mwendo watupa, ndibwera ukachira. Linali bodza, achimwene. Mwendo wanga ulibe kanthu, ndimayenda nawo bwinobwino.

Mpira utayambanso mu Ogasiti, ndinalemba pa katoni n'kukhoma pakhomo. Ndinalemba kuti mpira wa HD ulipo, ndalama sitilandira, wolowa aswe chitini chimodzi cha mtedza. Amuna aja anabwera, anawerenga, n'kuphulika kuseka. A Whiteson amvekere, "Ise amuna tiswe nshawa monga azimai? Mwatinyoza, amai." Onse anavomereza kuti ndawanyozadi, ndipo anaima panja atapinda manja. Ndinkaganiza za mbuzi yanga ndi za nkhope yanu mukadzamva.

Sindinakangane nawo. Ndinakweza mawu a kanema, n'kusiya chitseko chili chotsekula pang'ono kuti kachidutswa ka bwalo la mpira kazioneka. Achimwene, zithunzi zimenezi simunazione. Udzu wa m'bwalo umaoneka umodziumodzi, thukuta la osewera umachita kuliona likutsika. Mukudziwa kuti maso a Whiteson anafooka. Pa dikoda yakale ankangoona anthu akuthamanga, mpira n'kumafunsa anzawo kuti uli kuti.

Anasuzumira kamodzi. Anasuzumiranso, khosi n'kumatalika. Kenako anakuwa kuti akuuona, mpirawo akuuona ndi maso awo, ndi nambala ya pamsana yomwe! Anakhosomola, n'kukonza jekete, n'kuuza anzawo kuti iwo si kuti akufuna mpira ayi, koma Malemba amatilamula kuthandiza akazi amasiye. Anatenga chitini n'kukakhala benchi ya kutsogolo. Pasanathe mphindi khumi amuna onse aja anali atakumbukira Malemba, ndipo zitini zinandichepera mpaka ndinatulutsa mabeseni ndi mapoto.

Musaganize kuti zinayenda bwino tsiku lomwelo. Amuna sadziwa kuswa mtedza. Ankayang'ana zala zawo, ndiye chigoli choyamba chinawadutsa onse ali chowerama, n'kuyamba kundikalipira ine ngati ndagoletsa ndine. Yunike anachita kuwaphunzitsa ngati ana, kuti maso akhale kutsogolo, zala zizigwira zokha monga timachitira ife pocheza. Chigoli chachiwiri anachiona. Luckson wa ngolo anadumpha chitini chili pamiyendo, mtedza n'kumwazika chisakasa chonse, nkhuku n'kulowa. Kuyambira pamenepo lamulo ndi lakuti chitini chizikhala pansi, pakati pa mapazi.

Vuto lina linali pakamwa. Madzulo ake ndinapeza makoko ambiri koma mtedza wochepa, ndipo aliyense ankalumbira kuti sanalawe ngakhale kamodzi, milomo ili mbuu. Loweruka lotsatira ndinaika Yunike pakhomo ndi mbale yoyezera. Osewera akapita kopuma, aliyense amaonetsa zimene waswa. Mbale ikapanda kudzaza, chigawo chachiwiri akamvere panja. Tinatulutsa anthu awiri okha, ndipo mmodzi anali mphunzitsi. Chiyambire tsiku limenelo palibe amatafuna.

Pano ndinawadziwa bwino anthu anga. Mpira ukavuta zala zimathamanga zokha, penate imodzi imandimalizira theka la chitini. Timu yawo ikamagonja amaswa mwaukali, mtedza n'kumaphwanyika, koma sindidandaula, umenewo ndimasinja nsinjiro n'kugulitsa pamsika. Mpira wopanda zigoli ndiye sindiukonda, amuna amayamba kusinza.

Chimene sindinachiganizire ndi amayi. Zaka zonsezi palibe mkazi ankalowa m'chisakasa muja, poti ndani akanapempha mwamuna wake ndalama yoonera kanema? Atamva kuti khomo ndi mtedza, anabwera Lolemba masana, atamaliza ntchito zapakhomo, akuti nawonso manja ali nawo. Pakeji yomweyi ili ndi mafilimu a ku Nigeria. Amakhala pamabenchi, ana ali kumsana, kutukwana mwamuna wachinyengo wa mufilimu, uku zala zikugwira ntchito. Chitini chimene mwamuna amalimbana nacho mpira wonse, mayi amachimaliza filimu isanafike pokoma n'kuitanitsa china. Mtedza wanga wonse unatha m'sabata zitatu.

Ndinayamba kuda nkhawa kuti nanga tsopano aziswa chiyani. Koma nkhani inali itamveka kale m'midzi. Alimi anayamba kubwera okha ndi matumba awo, ena pa njinga, ena pa ngolo ya Luckson, kuti anthu anga awaswere. Pa thumba lililonse amandisiyirako gawo langa. Wogula wa ku Boma, amene kale ndinkachita kumupempha, pano amaimika galimoto pakhomo panga n'kundipatsa moni wa ulemu chipewa chili m'manja.

Mwezi wa Seputembala ndinalipira dishi ndekha. Wa Okutobala ndalipira dzana, pa foni yanga, ndi chala changa chomwechi chinatupa chija. Uthenga utalowa woti zatheka, ndinaimirira pakati pa bwalo n'kululuta ndekha ngati wamisala, mpaka Yunike anathamanga kudzaona ngati kwagwa zinazake. Ndinasangalala, achimwene. Chimwalirireni a Manasseh ndinali ndisanasekepo choncho.

Za Steward mufuna kumva. Ataona kuti anthu akuchepa kwake, nayenso anakhoma katoni yake, akuti kulowa ndi mtedza. Anaiwala kuti anthu ake amakhala ndi botolo m'manja. Oledzera anadya thumba lathunthu ngati ndiwo ya mowa n'kumusiyira makoko, wina mpaka anapempha mchere. Sabata yatha anabwera kuno, manja atawatulutsa m'thumba, akukankha njinga ili ndi matumba awiri, kudzapempha kuti anthu anga amuswere. Ndinamulandira bwino, ndinamupatsa mpando ndi madzi akumwa. Mkazi wake Abigail anali m'kati pa benchi yachiwiri, chitini chili pakati pa mapazi, ndipo sanatembenuke n'komwe.

Ndikudziwa chimene mufunse, poti ndinu munthu wa mafunso. Mtedza ukatha bwanji? Mwezi wamawa anthu afuna mbewu yoswa yoti abzale. Pali chimanga chotong'ola, pali nyemba zosankha. Nthawi ya mvula idzavuta, sindikukana, koma ndasungako matumba anga osagulitsa. Kampani ikadzakwezanso mtengo, ife tidzakuza chitini. A Whiteson anena kale kuti adzalankhula ndi amuna anzawo, poti pano iwo ndiwo amakhazika anthu pamabenchi.

Tsono pempho langa ndi ili. Mundikhululukire bodza lija. Linkandilemera tsiku lililonse, makamaka pamene a Miriam ankandiimbira kufunsa za mwendo, n'kundiuza mankhwala oti ndipake. Muwapepesere kwa ine. Ndakutumizirani thumba la mtedza woswa kudzera kwa kondakitala amene wakupatsani kalatayi. Muzidya mukudziwa kuti anaswa ndi akulu a mpingo, mphunzitsi ndi amuna ena olemekezeka a kuno.

Ku Kitwe kudzakhala sindibwera, achimwene. Musamve ngati ndakana chikondi chanu, ndipo musalole wachibale aliyense kunena kuti munanditaya. Munandibereka kumsana zaka zitatu, inu muli ndi katundu wanu, osadandaula. Sindidzaiwala. Koma nditsitseni tsopano, miyendo yalimba. Pa Khirisimasi ndidzabwera kudzakuonani ngati mlendo, ndi tikiti yogula ndekha, yopita ndi yobwerera.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Miriam ndi ana onse, muwauze kuti azakhali awo ali moyo ndipo akunenepa. Yunike akuti moni. Ambuye akusungeni, akulimbitseni msana, ndipo adalitse ntchito ya manja anu monga adalitsira yanga.

Ndine mlongo wanu,
Evelina,
amayi a dishi.